Bodza la Kugula Njira

Damiano anakulira pakhomo pamtendere ku Lobi. Bambo ake, a Linus, ankalima nyemba ndi kachewere, ndipo sankanyamula khasu asanapemphere ndi ana awo. Mnyamatayo anali womvera, koma anali ndi nthenda imodzi: sankafuna kukhala wachiwiri.

Chaka china achinyamata a patchalitchi anayamba kukonza sewero la msilikali amene anapha mfumu yake kuti alande ufumu. Gawo la msilikaliyo, wovala chisoti, linapita kwa Alufeo, wapampando wa gululo komanso mnzake wapamtima wa Damiano. Damiano anapatsidwa ulonda wa pachipata.

Pobwerera kunyumba, Sophie, mtsikana wa m'kwaya, anamuseka. "Moni, alonda! Thupi lonseli kungogwira nthungo basi?"

"Nditani nanga? Anthu amakonda Alufeo."

"Malume ake aja si akudambwe? Akatekisiti atangomva kuti iyenso anagula njira, chake palibe."

Kugula njira ndiko kulowa gule wamkulu, ndipo patchalitchipo wochita zimenezi ankamuimitsa. Damiano ankadziwa bwino kuti Alufeo sanapondeko kudambwe.

A Linus anaona kuti mwana wawo wayamba kulankhula za mnzakeyo mwanjiru. "Mwanawe," anatero akupalira nyemba, "chisoti chimenecho ndi cha katoni. Usatayirepo mnzako."

"Ndamva, bambo," anayankha Damiano. Koma Lamlungu lake anakagogoda kwa akatekisiti, a Zikhalo. "Ndinamuona ndi maso anga akutuluka kudambwe. Chonde musanditchule."

Alufeo anachotsedwa m'gulu. Bambo ake, omwe anali mkulu wa mpingo, anamuthamangitsa pakhomo chifukwa cha manyazi. Asanachoke, anabwera kwa Damiano akulira. "Achimwene, iwe umandidziwa. Kandilankhulireko kwa akatekisiti."

"Ndiyesa," anatero Damiano akuyang'ana pansi. Sanapiteko. Anatenga chisoti ndi mpando womwe, ndipo aliyense wofunsa za Alufeo ankamuchotsa m'sewero. Komabe chakudya chinaleka kumukomera. Akangomva dzina la mnzakeyo, ankasintha nkhani.

Alufeo anakafika ku Linthipe, kumene ankasenza matumba a kabichi pamsika. Tsiku lina lole inabwerera m'mbuyo n'kumuponda. Kuchipatala anamudula mwendo.

Atatha kukolola, sewero lija linachitika. Damiano atangovala chisoti, anaona munthu pakhomo la tchalitchi atatsamira ndodo ziwiri. Anali Alufeo, akumwetulira. "Limba, achimwene! Ndabwera kudzakuonera iwe!" anafuula.

Damiano anaimitsa sewerolo. Anavula chisoticho, nagwada. "A Zikhalo, ndinakunamizani. Alufeo sanagule njira. Ndinkafuna malo ake."

Sophie anazemba potulukira kumbali. A Linus anaphimba nkhope ndi chipewa.

"Iwe, Damiano?" anafunsa Alufeo motsitsa mawu. "Bwenzi utangondipempha. Ndikanakupatsa."

Patapita nthawi Alufeo anamukhululukira, ndipo bambo a Alufeo anamulandiranso mwana wawoyo pakhomo. Koma mwendo sunamerenso. Mpaka lero Damiano ndiye amamulimira munda, ndipo phokoso la ndodo zija likamayandikira, satha kudzutsa mutu.

Ana anga, kufuna kutsogola si tchimo. Koma mpando woupeza pogwetsa mnzako sudzakupatsa mtendere. Mulungu amakhululukira wolapa, inde, koma zimene bodza lawononga sizibwerera zonse.