Nyimbo ya m'Chishedi cha a Strand

Woyamba kuimva anali Gus, mlonda wa kampani ya mafilimu ya a Strand kuno ku Hollywood, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itangotha. M'chishedi chojambuliramo, chokhoma ndi maloko, munkamveka mayi akuimba usiku. Mawuwo aliyense ankawadziwa: anali a Lorna Devane, dona wa m'mafilimu wa tsitsi lagolide uja amuna athu ankamumezera dovu. Komatu nthawi imeneyo Lorna amakhala ali thapsa kwawo, botolo pambali. Wantchito wake ndiye ankatitsina khutu.

A Strand anaitanitsa Emmett Kozak, wapolisi wakale amene ankafufuza zinsinsi za anthu pa ganyu.

"Atolankhani akanunkhiza izi ndatha ine," anatero bwanayo. "Undigwirire munthuyo, akaolere kundende."

Kozak anapendeketsa chipewa, ndudu ili pakamwa. "Bwana, sindinabwererepo chimanjamanja. Mizukwa yonse imene ndinagwirapo inali itavala nsapato."

Usiku woyamba anabisala pakati pa nyumba zabodza za m'mafilimu, zamatabwa, zopanda kumbuyo. Mdima unali wa ndiweyani, fungo la penti lili guu, makoswe akuseweretsa zingwe. Kenaka nyimbo inayamba pansipansi, kuchokera kudenga kumene kumalendewera nyale, n'kumatsika pang'onopang'ono mpaka anaimva ngati mpweya pakhosi. Anayatsa tochi. Kunalibe munthu.

Kutacha anazula zingwe za makina onse, magalamafoni n'kuwatulutsa panja. Usiku nyimbo inabweranso, mokweza kuposa dzulo. Gus anasiya ntchito osatsanzika.

Ndiye Kozak anawaza ufa pansi. Usiku wotsatira, nyimbo itayamba, tochi inamuonetsa mapazi ang'onoang'ono, ochokera pa thabwa logwedera kuseri kwa chishedi. Anamwetulira, nawalondola. Pa masitepe a nyumba yabodza panakhala mayi wakuda, wovala chikhothi chakutha, manja ali pamaondo.

"Konsati yatha, mayi. Dzina?"

"Odessa Pruitt," ananong'ona ndi mawu osasa ngati chitseko chadzimbiri. "Musasokose, achimwene. Pakubwerapa ndi pamene pamakoma."

Apo m'pamene Kozak anazindikira kuti nyimbo ija sinaleke. Milomo ya mayiyo inali yotseka, pakhosi pali chipsera chachitali cha mpeni wa dokotala, koma mawu ankayendabe pamwamba pawo.

"Akuimbayo ndani?"

"Ndine. Lorna ankangoyasama, nyimbo zonse ndinkaimba ndine, kuseri kwa katani. A Strand anandilumbiritsa kuti ndisaulule. Khosi litadwala anandilozera geti." Anatukula mutu, maso akuwala. "Mawuwo anatsalira muno. Ndimangobwera kudzawamvera. Mwawamva kukoma kwake?"

Kozak, munthu woti sankavulira chipewa ngakhale maliro, anachivula. Anazimitsa tochi n'kukhala pambali pake mpaka nyimbo inatha.

M'mawa a Strand anali akudikira, ndudu yonenepa ili m'manja.

"Dzina lake?"

"Ndilibe."

"Iwe wosabwerera chimanjamanja iwe? Mutauni muno sudzapezanso ntchito."

"Chabwino, bwana. Koma woimbayo mukumudziwa bwino kuposa ine. Pitani mukamugwire nokha, makiyi ndi awa."

A Strand anawayang'ana makiyiwo, osawakhudza.

Kozak anathera kulondera magalimoto pa hotela, koma ankayenda ngati mwini hotelayo. Chishedi chija sanajambuliremonso, ndipo a Strand mpaka imfa yawo ankazungulira njira yakutali kuti asachidutse.