Mawu Amene Anali pa Dzina la Redson

"Mdzukulu wanga ameneyo akangoigwira foni, imathamanga ngati keji yotsika mu mgodi," anatero agogo Ackson. "Anyamata okonza mafoni ku renki ya matakisi ya Marikana aja akamuona amatseka mashopu."

Chiletso anamva mawuwo ali kuseri kwa nyumba, akupolisha nsapato zake zakusukulu. Anaimika kaye burashi. Anayesa kukumbukira ngati agogo akewo anali ndi mdzukulu wina kuno ku Wonderkop, ku Joni, koma sanampeze.

Chimene iye anachita chinali chochepa. Mwezi wathawo foni ya agogo Ackson inangouma, iye anaizimitsa n'kuiyatsanso, basi. Koma agogo Ackson, amene anathera unyamata wawo wonse pansi pa nthaka akukumba pulatinamu, sankagwirizana ndi nkhani zing'onozing'ono. Nkhani ikalowa m'kamwa mwawo ili mbewa, inkatuluka itamera nyanga.

"Chiletso! Tabwera kuno, injiniya!"

Pansi pa mtengo wa pichesi panali madala a penshoni, aliyense ataphimba kapu yake ya tiyi ndi dzanja chifukwa mphepo ya Ogasiti inkabweretsa fumbi loyera la ku mulu wa mgodi. Pakati pawo panali agogo Leonard, aatali, owonda, a chifuwa cholira ngati mluzu. Kwawo kunali ku Ntcheu, koma anatchona kalekale ku Joni. Anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa foni yokulungidwa m'kampango.

"Iyi ukaidina m'mawa, imayankha masana," anatero. "Loweruka kumudzi akutsegulira chiliza cha malemu akazi anga, amake Aida. Aida wati andiimbira pa vidiyo kuti nane ndione. Pa maliro sindinafike, basi inandichedwetsa. Izinso ndiphonye?"

"Simuphonya, achimwene," anayankha agogo Ackson. "Mwafika kuchipatala chachikulu."

Chiletso anatsegula pakamwa kuti anene kuti iye amangodziwa kuzimitsa ndi kuyatsa. Koma agogo ake anali atatukumula kale chifuwa, ndipo madala onse ankamuyang'ana. Anangolandira foniyo ndi manja awiri.

"Fufuta chilichonse chimene ukufuna, mfana," anatero agogo Leonard. "Koma za amake Aida usakhudze."

Mawa lake ataweruka kusukulu, Chiletso anakakhala pakhoma la laibulale pomwe pali wayifayi yaulere. Anawerenga zimene anthu odziwa amalangiza, ndipo anadabwa kuti sizinali zamatsenga. Foni ili ngati chipinda. Ukaunjikamo katundu mpaka kudenga, ngakhale mwini wake amalowa chammbali.

Ya agogo Leonard inali yodzaza ndithu. Munali zithunzi za maluwa zolembedwa kuti "Mwadzuka bwanji okondedwa", zochokera ku gulu la tchalitchi, zochuluka moti zikanakwana kudzutsa Rustenburg yense. Munali ulaliki umodzi wa pa vidiyo umene anthu osiyanasiyana anawatumizira, ndipo foni inasunga uliwonse ngati watsopano. Munali masewera a maswiti amene agogo Leonard sanawatsegulepo. Munalinso pulogalamu ina yolonjeza kuyeretsa foni, imene ntchito yake yeniyeni inali kuonetsa malonda a mankhwala a dazi.

Chiletso anachotsa zonsezo. Anapukuta zotsalira zimene mapulogalamu amasunga mwakachetechete. Analola foni kuti ikokere zosintha zatsopano zimene inakhala ikupempha kwa chaka chathunthu, kenako anaizimitsa n'kuiyatsanso. Itayaka anaidina, ndipo inayankha pompo.

Apa m'pamene Chiletso anayamba kuganiza kuti mwina agogo ake sananame kwenikweni. Anakhala bwino pakhomapo, n'kupinda mwendo ngati munthu wa mu ofesi.

Anatsegula WhatsApp kuti amalizitse ntchito. Anafufuza dzina loti Emelda, lomwe linali la malemuwo, koma sanalipeze. Zithunzi zawo anazipeza pa macheza a Aida, ndipo sanazikhudze, monga anauzidwira. Kenako m'munsi mwenimweni anaona dzina loti "Redson Kabaza". Macheza ake anali atazizira zaka ziwiri zapitazo, koma anali odzaza ndi mauthenga a mawu, mzere wautali osatha. Wakabaza angakambe chiyani chofunika ndi munthu amene ali ku Joni? Chiletso sanamvere ngakhale umodzi. Injiniya sakhala ndi nthawi yotero.

Anadina pofufuta macheza onsewo. Foni inamufunsa ngati watsimikiza. Iye anali atatsimikiza.

Atafika kunyumba anapeza agogo Ackson akutulutsa jekete lawo la misonkhano mu sutikesi yabulauni ya malamba, imene inkakhala pansi pa bedi. Sutikesi imeneyo ankainyadira kwambiri, ankati zoterezi masiku ano sapanganso.

"Yatheka, agogo," anatero Chiletso. "Ikuthamanga."

"Ndinanena ine! Leonard asangalala. Ukudziwa kuti munthu uja samwa tiyi asanamve mawu a mkazi wake? M'mawa uliwonse. Mayi aja analibe foni yoteroyi. Ankapita pamsika, n'kubwereka ya mnyamata wina wakabaza, n'kumalankhula ngati ali pa wailesi. Dzina lake ndani kodi... Redson."

Chiletso anamva ngati pansi patsetsereka.

"Watani? Wadwala?"

"Ayi, agogo. Fumbi."

Anathamangira kuseri kwa nyumba. Anatsegula paliponse pamene pankatseguka. Anayang'ana mu bini momwe zithunzi zofufutidwa zimadikirira, anapezamo maluwa okhaokha akumufunsa ngati wadzuka bwino. Mawu munalibe. Foni inkayankha msangamsanga tsopano, ndipo kulikonse inkamuuza mofulumira kuti kulibe kanthu.

Chimene chinatsala chinali nambala ya Redson basi. Chiletso anatumiza uthenga wofotokoza zonse, osabisa. Kachizindikiro kosonyeza kuti uthenga wafika sikanaoneke.

Tsiku lotsatira m'kalasi sanamve chilichonse. Aphunzitsi a masamu anamufunsa funso, iye anayankha kuti "Redson", kalasi yonse n'kufa nacho chiseko. Pobwerera anadutsa njira yakuseri kwa sipaza, kagolosale ka m'makomo, kuti asakumane ndi agogo Leonard, koma anawapeza atakhala pakhomo pa agogo ake, chipewa chili pabondo.

"Sindikukufulumizitsa, mfana," anatero. "Kungoti m'mawa ukutalika. Tiyi sakutsika."

"Injiniya safulumizitsidwa, achimwene," anatero agogo Ackson. "Akuipanga mayeso omaliza."

Chiletso anayang'ana nsapato zake.

Madzulo dzuwa lisanalowe foni inanjenjemera. Anali Redson, akulankhula pakati pa phokoso la msika ndi mabelu a njinga. "Iwe mphwanga, wachita zoopsa. Ine foni ija ndinasintha. Yakaleyo ilipo, mwana wanga amaikoka ndi chingwe ngati galimoto. Galasi linasweka, batire linatupa. Ndiyesa kuitchaja, koma kuno magetsi azima. Usandidalire kwambiri."

Chiletso anaumvera uthengawo mobwerezabwereza, ngati kuti mwina ulendo wina Redson anena zosiyana.

Loweruka linafika. Kunyumba kwa agogo Leonard, kachipinda ka malata kuseri kwa nyumba ya eni malo, kunadzaza. Kunabwera madala a pansi pa mtengo wa pichesi, amayi a kutchalitchi atavala zoyera, ndi achinyamata angapo a kumudzi ogwira maganyu. Agogo Ackson anakhala kutsogolo m'jekete lawo la misonkhano, akuuza aliyense wolowa kuti foniyo yakonzedwa ndi magazi awo.

Chiletso anali atalandira kanthu kuchokera kwa Redson m'mawa womwewo. Uthenga umodzi wokha, ndi mawu oti, "Ena onse akukana kutseguka. Pepa." Asanachite china chilichonse anautumiza kwa Aida ndi ku foni ya agogo ake, kuti ukhale malo atatu. Kuumvera sanaumvere. Sunali wake.

Aida anaimba. Chithunzi chinabwera choyera, osadukaduka. Anthu anaona manda a ku Ntcheu, mitengo ya bulugamu, ndi nsalu yoyera ikuchotsedwa pa chiliza. Amayi a m'chipindamo analowa nyimbo imene ankaimba kumudziko. Agogo Leonard anagwira foni ndi manja awiri, osaphethira, mpaka mwambo unatha.

"Mwaona?" anatero agogo Ackson, akutembenukira anthu. "Ngati kanema wa m'tauni!"

Agogo Leonard anapukuta m'maso ndi kampango kaja. "Wagwira ntchito, mfana. Tsopano nditsegulire Redson. Lero anthu awa amve mwini chiliza akulankhula."

Chiletso ananjuta pafupi ndi mpando wawo.

"Agogo, Redson ndinamufufuta. Ndinaona dzina lachilendo, sindinakufunseni, sindinamvere. Mauthenga onse aja anapita. Ndapempha kumudzi, wapezeka umodzi."

Kunja galimoto ya mgodi inadutsa, malata n'kunjenjemera.

"Imeneyo ndi netiweki," anayamba agogo Ackson. "Masiku ano netiweki ya kuno..."

"Ayi, agogo. Ndi ine. Ndiponso ine si injiniya. Yanu ija ndinangoizimitsa n'kuiyatsa."

Wina kumbuyo anatsokomola. Agogo Leonard anakhala nthawi yaitali akuyang'ana foni ili m'manja mwawo. Chifuwa chawo chokha n'chimene chinkamveka.

"Munali uthenga wina iwo akuimba," anatero pang'onopang'ono. "Munali wina akundiuza kuti mbuzi yaswa." "Tsegula umene ulipowo."

Chiletso anadina. Munamveka mabelu a njinga, kenako mawu a mayi, amphamvu, osafuna zocheza.

"Iwe Redson, yayamba kujambula? Eya. Abambo a Aida, ndine. Mwati Khirisimasi inonso simubwera chifukwa sutikesi yanu yabulauni ija anabwereka a Ackson ndipo sanabweze. Chaka chatha munati pasipoti. Chaka chinacho munati chifuwa. Ndiye tamverani. Kawauzeni a Ackson kuti sutikesi ya eni ake sasungiramo majekete. Ikabwera, mulongedze, mubwere. Ikapanda kubwera, bwerani ndi jumbo, ife sitidya sutikesi. Denga ndakonzetsa ndekha. Mudye bwino. Iwe Redson, zimitsa."

Mayi wina anayamba kuseka, n'kudzigwira pakamwa, koma zinali zitachedwa. Chiseko chinayenda chipinda chonse, ena akuseka misozi ili m'masaya. Agogo Leonard nawo mapewa ankagwedezeka, ndipo panalibe akanatha kunena ngati kunali kuseka kapena kulira.

Agogo Ackson okha ndi amene sanaseke. Anayang'ana jekete lawo ngati aliona koyamba.

"Simunandiuzepo, achimwene," anatero.

"Ndikanakuuza ukanabweza," anayankha agogo Leonard. "Ndiye ine ndikananamizira chiyani?"

Agogo Ackson anaimirira n'kutuluka osalankhula, chinthu chimene anthu a ku Wonderkop anali asanachionepo. Chiletso anafuna kuwatsatira kuti akawanyamulire, koma iwo anamukaniza ndi dzanja. Patapita kanthawi anthu anawaona akubwera mumsewu wafumbi, sutikesi yabulauni ili paphewa, ana a m'makomo akuwalondola. Analowa, anaitsitsa pamapazi pa agogo Leonard, n'kuipukuta ndi mkono wa jekete la misonkhano lija.

"Nonse mwaona," anatero, akupuma movutikira. "Ndabweza. Malamba onse ali bwinobwino."

"Taona," anayankha madala aja.

Agogo Leonard anamasula malamba, n'kuyang'ana m'kati mopanda kanthumo. Kenako anatembenukira kwa Chiletso, amene anali chinjutire, n'kumupatsanso foni ija.

"Dzuka, mfana. Poti ikuthamanga tsopano, tandifufuzira kuti basi ya ku Ntcheu imanyamuka liti."

Chiletso anailandira ndi manja awiri. Chala chili m'mwamba, anaima kaye.

"Ndidine apa, agogo?"

"Eya," anatero agogo Leonard. "Apo dina."