Kadontho Akana Kumata Bodza

Uyu ndi Kadontho. Ndi wamfupi, koma kuwerenga amatha.

Amayi ake amapanga juwisi wa malalanje. Amafinyira m'kachipinda kakuseri. Malume amatsuka mabotolo. Kadontho amamata timapepala pamabotolopo.

Kapepala kalikonse kamati: "Malalanje okhaokha."

Loweruka lina malalanje anachepa. M'dengu munatsala asanu basi.

"Agolosale akufuna mabotolo makumi awiri masana ano," anatero Amayi. Anagwira tsaya.

Malume anapisa m'thumba. Anatulutsa kapaketi ka ufa wachikasu. Anathira ufawo m'ndowa ya madzi. Anatakasa. Madzi aja anasanduka achikasu.

"Nayu juwisi, achemwali," anatero Malume. "Angadziwe ndani?"

Kadontho anayang'ana ndowa. Anayang'ana kapepala. Anabisa manja kumbuyo.

"Yamba kumata, Kadontho," anatero Malume.

"Sindimata, malume."

"Bwanji? Manja waiwala kusukulu?"

"Manja alipo. Koma kapepalaka kakuti malalanje okhaokha. M'ndowamo mulibe lalanje."

Amayi anasuzumira m'ndowamo. Kenako anati, "Mwanayu wanena zoona. Sitimwetsa anthu bodza. Koma kumsika malalanje atha."

Kadontho ananyamula dengu. "Ndikawapeza," anatero.

Anapita kwa akalipentala. "Odi, muli ndi malalanje?"

"Pepa, mwanawe. Mtengo wathu unauma."

Kadontho sanabwerere.

Anapita kwa aphunzitsi. "Odi, muli ndi malalanje?"

"Alipo, koma sanapse."

Dzuwa linaswa mtengo. Miyendo inawawa. Kadontho sanabwerere.

Anafika kwa atelala. Atelala anali pakhonde, akusoka malaya. Kuseri kwa nyumba yawo kunali mtengo waukulu. Malalanje anali mbwee pansi.

"Akungowola amenewo," anatero atelala. "Msana wangawu sulola kuwerama."

"Ine msana ndili nawo," anatero Kadontho. "Ndingatole?"

Atelala anaseka. "Tola, mwanawe. Amayi ako abwere mawa tidzagwirizane. Mtengowu umabereka chaka ndi chaka."

Kadontho anatola abwino. Owola anawasiya. Anatola, anatola, dengu linadzaza. Anayesa kunyamula. Dengu linakana. Anayesanso. Linakananso. Ndiye analikoka pang'onopang'ono.

Pamsewu anakumana ndi Malume. Anali ndi wilibala.

"Ufa uja ndautaya," anatero Malume, maso ali pansi. "Kwera, iwe ndi dengu lako."

Kunyumba, Amayi anadula malalanje. Malume anafinya. Kadontho anasefa. Kachipinda konse kananunkhira.

Mabotolo khumi ndi asanu anadzaza. Asanu anatsala opanda kanthu.

"Agolosale tikawauza zoona," anatero Amayi. "Asanuwo adzalandira Lolemba."

Kadontho anatenga timapepala. Anamata koyamba. Anamata kachiwiri. Anamata mpaka botolo lomaliza.

Pansi pa ndowa panatsala juwisi wokwana kapu imodzi. Amayi anamwako. Kadontho anamwako. Malume anamaliza. Kenako anakwinya nkhope.

"Wosefa ndani uyu? Ndatsala pang'ono kumeza njere."

"Musameze, malume. Ndipatseni."

Kadontho anatenga chitini chakale. Malume anaboola pansi pake ndi msomali. Amayi anathiramo dothi. Kadontho anakwirira njere ija ndi chala.

"Imera liti, amayi?"

"Uziithirira. Udzaona."

Kadontho anathamanga kukatunga madzi.