Nkhope Yoyang'ana Kumpoto

Mtembo wa Cassim unapezeka Lachiwiri m'mawa, madzi ataphwa, pakati pa mbande za mitengo yomera m'madzi amchere zimene ankalondera kugombe la kumpoto kwa Doha. Anali ndi bala kunkhongo.

Apolisi anaitana Bakali, mkulu wa alonda, kuti azimasulira. Kwawo anafufuzapo milandu ku Zomba zaka zambiri, ndipo sankathamangira kuweruza. Anagwada, masiki kukamwa. Wina anali atamutseka maso malemuyo, kumumanga chibwano ndi mpango, n'kumugoneka chakumanja, nkhope kumpoto. Pamchenga panali modinda matayala a galimoto yolemera. Mbande zapafupi zinali zitada, zikununkha.

Kaputeni wa apolisi anakayikira Stephano, mlonda amene anakangana ndi Cassim dzulo lake.

"Tinakangana, inde," anatero Stephano kupolisi. "Madalaivala a kampani yathu amakhuthulira zam'zimbudzi m'nyanjamu, kuthawa mzere wa kotayira. Iye amati lamulo lasintha, ukhoza kusintha ntchito popanda chilolezo cha bwana, ndiye sakuopa, akanena kuboma. Ine ndinati khalasi, basi, zisiye, uli ndi ana."

"Mumadziwa kukonza maliro a Chisilamu?" anafunsa Bakali.

"Ine wa Katolika, bambo? Ngakhale mtembo wa nkhuku ndimauopa."

Bakali anauza Kaputeni kuti amene anagoneka mtembo uja ndi Msilamu. Kaputeni anapukusa mutu. Msilamu akanauyang'anitsa ku Maka, ndipo Maka ili kumadzulo.

"Kuchokera kuno, inde," anatero Bakali. "Kuchokera ku Mangochi ili kumpoto."

Mwa madalaivala a mathanki a zam'zimbudziwo, Mmalawi anali mmodzi, Anwari. Anamubweretsa masana, manja akununkha dizilo.

"Achimwene, munaswali liti komaliza?" anafunsa Bakali.

"Mizikiti njotseka. Korona."

"Isanatsekedwe?"

Anwari anayang'ana pansi.

"Tandilozereni Kibula, kumene mumayang'ana poswali."

Anasuzumira pawindo, kuona kumene kunali dzuwa, n'kuloza kumpoto. Kaputeni anaika cholembera pansi. Dzanja la Anwari linatsika pang'onopang'ono.

"Ndani anakuphunzitsani kumanga chibwano?" Bakali anafunsa motsitsa mawu.

"Abambo anga. Ankasambitsa maliro ku Makanjira," anayankha Anwari. "Chibwerereni kuno sindinapondemo mumzikiti, ntchito yake yomweyi. Cassim anandipeza ndikukhuthula. Ndinamugwadira, amwene. Akananena, kampani ikanandikana, ine n'kubwezedwa kumudzi chimanjamanja. Iye akuti nsomba zikufa, mitengo ikufa. Atatembenuka, sipanala inali m'manja mwanga."

"Ndiye osathawa bwanji pomwepo?"

"Sindikanamusiya ngati galu. Anali m'bale wanga m'chipembedzo."

Bakali anamasulira zonse, osachotsapo kanthu. Apolisi atamutulutsa Anwari, Bakali anakhalabe pampando. Yunifolomu imene anavala inali ya kampani yomweyo, ndipo nayenso anali ndi ana.

"Pali china?" anafunsa Kaputeni.

"Chilipo. Tengani cholembera chija. Cassim anali ndi mawu, sanawafikitse."