Enifa Ayika Mawindo pa Ndege ya Nkhondo

Enifa ankakhala ku Chileka, pafupi ndi bwalo la ndege. Anali ndi mlongo wake wamng'ono, dzina lake Wyson. Vuto la Enifa linali limodzi. Wyson ankaopa ndege.

Anali masiku a Chitaganya. Chaka chimenecho ndege za asilikali zinabwera pa Chileka. Zinkauluka m'munsi kwambiri. Zinkalira kuposa bingu. Ndege ikangomveka, Wyson ankathamangira pansi pa nkhokwe. Ankatulukamo ali fumbi lokhalokha. Kusewera panja anasiya. Kuseka anasiya. Enifa zinkamuwawa mumtima.

Bambo awo, a Mailosi, ankasesa ku bwalo la ndege. Tsiku lina anabwera ndi kabokosi. Anati mzungu wina wokonza ndege anakataya chifukwa guluu wake anauma. M'kabokosimo munali tizidutswa ta pulasitiki. Munali mapiko. Munali mchira. Munali matayala. Munalinso timabomba tinayi. Pamwamba panali chithunzi cha ndege ya nkhondo.

Wyson atangoona chithunzicho, uyo, pansi pa nkhokwe.

Enifa anayang'ana kabokosi. Anayang'ana nkhokwe.

"Ndege iyi ndiimanga," anatero Enifa. "Koma sikhala ya nkhondo."

Guluu panalibe. Enifa anaphika phala la chinangwa. Anamata mapiko. Anamata mchira. M'mawa anapeza nyerere zili pa phwando. Mapiko anali pansi.

Enifa sanagwe mphwayi. Anapempha ulimbo kwa anzake otchera mbalame. Mumtima anati ulimbo umagwira mpheta, ndiye ungalephere kandege? Mapiko anagwiradi. Koma ulimbo suuma. Unagwira ntchentche. Unagwira nthenga za nkhuku. Unagwiranso zala za mwini wake! Amayi anaseka mpaka misozi.

Enifa sanagwe mphwayi. Anatsuka tizidutswa tonse ndi palafini. Loweruka anakwera panjinga ya bambo. Anapita ku Lirangwe, kwa amalume ake a Solomon. Ulendo unali wautali, koma sanadandaule.

A Solomon ankakonza njinga pamsika. Enifa anawafotokozera za Wyson. Iwo anamupatsa guluu womatira machubu. Anamuuza kuti apake pang'ono, adikire, kenako amate.

"Usapupulume, mphwanga," anatero a Solomon. "Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Enifa anapaka. Anadikira. Anamata. Mapiko anagwira. Mchira unagwira. Matayala anagwira.

Panatsala timabomba. Amalume anamuonetsa malo ake, kunsi kwa mapiko. Enifa anapukusa mutu. Anatiponya m'chitini cha zinyalala.

Kenako anapempha penti wa njinga. Anapaka ndege yonse penti woyera. Atauma, anatenga nthenga ya nkhuku. Anaiviika mu penti wobiriwira. Anajambula mawindo anayi. Limodzi linapindika, koma linali windo ndithu.

Atafika kunyumba, anapeza Wyson ali pansi pa nkhokwe. Enifa anagwada. Anaika ndege ija pakhomo pa nkhokwe.

Wyson anasuzumira. Anafunsa kuti mabomba ali kuti.

"Ndataya," anatero Enifa. "Muno mumakwera anthu. Ili ndi windo la bambo. Ili ndi la amayi. Ili ndi langa. Lakutsogololi ndi lako."

Wyson anatulutsa dzanja. Anatulutsa mutu. Anatuluka yense. Anainyamula ndege ndi manja awiri.

Posakhalitsa kumwamba kunamveka phokoso. Inali ndege ya asilikali. Wyson anatembenuka. Anayang'ana nkhokwe. Enifa anamugwira paphewa.

Wyson sanathawe. Anakweza ndege yake m'mwamba.

"Yanga ili ndi mawindo," anauza ndege yaikulu ija.

Ndege inadutsa. Amayi analuluta. Bambo anaomba m'manja. Wyson anathamanga bwalo lonse, ndege ili m'manja, Enifa ali pambuyo.

Kuyambira tsiku limenelo, pansi pa nkhokwe pankagona nkhuku zokha.