Mluza wa Jitske

Hiske ndiye anayamba kuona chachilendocho. Bokosi lofunditsira miluza limalemba lokha chitseko chake chikatsegulidwa, ndipo m'mawa wa tsiku lachitatu linasonyeza kuti chinatsegulidwa pakati pa usiku, kwa mphindi zinayi.

M'bokosimo munali kambale, m'kambalemo kadontho, m'kadonthomo mluza umodzi wokha wa Jitske, hatchi yakuda imene inafa Loweruka. Dokotala wa ziweto anachotsa mazira ake thupi lisanazizire, Hiske nawabaya umuna m'labotale yake ya kuseri kwa khola, koma limodzi lokha ndilo linagwira. Mtundu wa Jitske unabwera pafamupo ndi agogo awo a Douwe, apongozi ake a Hiske. Ndiwo unakoka ngolo pa maukwati onse ndi maliro onse a banjalo, ndipo tsopano unatsala m'kadontho. Mluza umafuna mdima, kutentha kwa madigiri 38 ndi mpweya wopimidwa, masiku asanu ndi atatu, kenako uikidwe m'mimba mwa hatchi ina. Mphepo yakunja ikalowa, umafooka.

Mwamuna wa Hiske, Wiebe, anati makina nawonso amalota. Koma usiku wotsatira zinachitikanso, mphindi zinayi zomwezo, ndipo mluza unayamba kuchedwa kugawikana. Mkazi wa pafamu yoyandikana ankauza anthu kuti amamva ziboda pabwalo la a Douwe, chonsecho hatchi zonse zili zotsekeredwa.

Hiske anakagona m'labotalemo, pampando kuseri kwa kabati. Nkhungu inakwera kuchokera m'ngalande n'kumeza mawindo, bokosi likung'ung'udza chapansipansi ngati munthu woimbira mwana, mpaka samadziwanso ngati ali maso. Kenako anamva go, go, go, pamiyala, pang'onopang'ono, kuima, kuyambanso. Loko anatembenuka. Analowa a Douwe, atavala nsapato zawo zamatabwa ndi jekete pamwamba pa zogonera. Anatsegula bokosi, anawerama, nayamba kupumiramo mofatsa.

"Bambo, mukuupha," ananong'ona Hiske.

"Ndikuupumira, mwana wanga. Mwana wa hatchi aliyense pakhomo pano ndimamupumira m'mphuno akangobadwa, adziwe kwawo. Uyu amake kulibe. Adziwa bwanji kuti akudikiridwa?"

"Alibe mphuno, Bambo."

"Mphuno alibe, koma chimfine ukuti chimugwira?"

M'mawa nkhaniyo inafika kwa akazi awo a Douwe, mayi Aukje, amene saiwala kanthu. Anawakumbutsa kuti mtsikanayu anasiya ntchito yabwino kutauni chifukwa cha hatchi zawo, kuti ndiye ankawatembenuza pabedi chaka chimene anathyoka chiuno, pomwe ana awo obereka ankangoimba foni. Analanda kiyi n'kumumangirira pakhosi pawo, nsapato zamatabwa n'kuzitsekera m'kabati ya mbale. A Douwe anagona kukhoma masiku onse otsala, mwendo wa mayiwo utawapinga.

Bokosi silinalembenso kanthu. Komabe Wiebe, amene ankaseka uja, anasiya kutuluka kukada, ndipo hatchi yoti ilandire mluzayo inkaima pampanda mpaka kucha, makutu ali chilili kuloza labotale.

Tsiku lachisanu ndi chitatu, kusanayere, mayi Aukje anatsegula okha, Hiske ndi a Douwe ali pambuyo. M'chipindamo munkamveka fungo la udzu wouma ndi thukuta la hatchi, mmene simulowa ngakhale kachitsotso. Pachitseko chachitsulo cha bokosi panali madontho awiri a nthunzi, aakulu ngati zikhatho, otalikirana pang'ono, akuzimirira mwapang'onopang'ono iwo akuyang'ana.

Hiske anatulutsa kambale n'kukaika pansi pa galasi lokuza. Mluza unali utafufuma, wozungulira, wowala ngati mwezi m'madzi. Unali wamoyo.

A Douwe anavula chipewa, maso ali pachitsulo pomwe nthunzi inathera.

"Amake ali ndi nzeru kuposa ine," anatero. "Sanatsegule."