Theka la Nkhope pa Phiko

Ndege idaleka kumvera itafika pamwamba pa mitengo ya bulugamu. Mikaili adakankhira kachitsulo ka pa bokosi lowongolera kumanzere, koma ndegeyo idangopitirira kutsogolo. Adakankhanso mpaka chala chidapweteka, osaphula kanthu. Kandege kamene adakapanga ndi manja ake kankalira ngati mavu, kulunjika ku bwalo la sukulu kumene kunkamveka ng'oma.

"Ibweze, iwe," adatero Paxton, mnzake wa m'kalasi. "Ukuona kumene ikupitako?"

"Mabatire atha."

"Kweza bokosilo m'mwamba."

Mikaili adakweza, adathamangira pachulu, adakwezanso. Ndege idapitirira. Atacheuka adaona Paxton akubwerera chafutambuyo.

"Ine kunoko sindinabwere," adatero Paxton. "Ukatchula dzina langa ndikakana, ndipo bambo anga akakana nane."

Adatsikira kudambo, osacheukanso. Anzako a m'tauni ndi otero. Chinthu chikamakwera amaomba m'manja, chikayamba kutsika amakumbukira kuti kunyumba anawatuma.

Mikaili adakumbatira bokosi lija n'kuyamba kuthamangira ku bwalo. Sankaopa kuti ndege ithyoka. Ankaopa chimene chinali pa phiko lake.

Bambo ake, Che Sumaila, ankakonza mawailesi pa kashopu kakang'ono ku Area 1. Mzungu wina wa ku Area 9, pobwerera kwawo, adawasiyira ndege yoseweretsa yophwanyika. Mapiko anali atatheratu, koma kainjini kanali kamoyo, pamodzi ndi bokosi lotumiza mphamvu ya wailesi imene imakhotetsa ndegeyo ili m'mwamba. Che Sumaila adakonza bokosilo. Mikaili adasema nthiti za mapiko kuchokera ku chiwale, chifukwa n'chopepuka, n'kuzimanga ndi timizere ta nsungwi. Ankati akaweruka kusukulu, osadya n'komwe, ali kale kuseri kwa shopu ndi kampeni kake.

Chidavuta ndi chokutira mapiko. Pepala la thumba la simenti lidalemera. Pepala wamba lidang'ambika injini itangolira.

"Ifunika nsalu yoyera yopyapyala," adatero bambo ake. "Ndiuza telala Bwanali atisungire zotsala. Dikira. Ndiponso usakaiulutse ine palibe, mabatirewa ndi okalamba ngati ine."

Kudikirako n'kumene kudamukanika. Kusukulu Paxton sankamupatsa mpata.

"Bwanji bakha wako uja, wamera nthenga? Kapena tingomuphika?"

"Udzaona."

"Chaka chatha unati ndidzaona. Maso anga afika potopa, bwana woyendetsa ndege."

Tsiku lina amayi ake atapita kumsika, Mikaili adatsegula sutikesi yawo. Pansi penipeni adapeza nsalu yopyapyala chifukwa chochapidwachapidwa. Inali nsalu ya chipani, yakale, pakuti amayiwo anali atalandira ina yatsopano. Masiku amenewo mayi aliyense ankakhala nayo nsalu yotere, yokhala ndi nkhope ya mtsogoleri wa dziko pakati, yovala povina. Mikaili sanali khanda. Ankadziwa zimene anthu ankanong'onezana, za munthu wina amene adakulunga usipa m'nyuzipepala ya chithunzi chomwecho, n'kusowa mpaka lero. Adaganiza zodula m'mbali mokha. Koma phiko linali lalitali, ndipo sizasi idadutsa pakati pa nkhope.

Adatembenuza nsaluyo kuti nkhope iyang'ane m'kati, n'kuimata. Kenako adapaka vanishi kuti ikungike. Vanishiyo atauma, nsalu idasanduka ngati pepala lodontheredwa mafuta. Theka la nkhope lidaonekera poyera: diso limodzi, khutu limodzi, ndi mlomo woduka pakati.

"Kumwambako ndani akaona?" adatero Paxton ataiona. "Akhwangwala?"

Tsopano Mikaili adafika pa mpanda wa nkhadze wozungulira bwalo la sukulu, befu ali tho. Adagwada n'kusuzumira. Amayi a m'deralo anali pamzere, onse atavala nsalu za chipani, akuyeserera gule. Amayi ake, mayi Kulusumu, anali pa mzere wachiwiri. M'mbali munaima anyamata a chipani oyang'anira, ndipo wamkulu wawo anali Reinford, amene ankaima pa chipata cha msika kufunsa anthu makadi a chipani.

Injini idatsokomola n'kuzima. Ndege idatsika mwakachetechete, dzuwa likuwala kudutsa m'mapiko. Mikaili adapempha Mulungu kuti ipitirire, ikagwere kuseri kwa makalasi. Idazungulira pang'ono, idapendama, n'kudzagwa pafupi ndi mpopi wa madzi, phiko lamanja litazika m'matope.

Ng'oma zidaleka. Ana adathamangira komweko, koma Reinford adawabweza ndi ndodo. Adaizula ndegeyo akuseka, n'kuitembenuza. Kuseka kudatha. Adapukuta matope ndi chala, adayang'anitsitsa, kenako adaikweza kuti anzake aone.

Mayi amene anali pafupi adayang'ana kumbali, ngati kuona kokhako ndi mlandu. Mikaili adaona amayi ake atagwira pakhosi. Mafupa a ndegeyo ankawaona tsiku lililonse kuseri kwa shopu, ndipo nsalu yawo sakadaiiwala.

"Wakuuzani kuti muleke ndani?" adatero Reinford. "Ng'oma zilire."

Ng'oma zidalira. Mayi Kulusumu adaponya mwendo pamodzi ndi anzawo, pakamwa pakuyenda, maso ali pa ndege.

"M'tauni muno wodziwa za mawaya otere ndi mmodzi," Reinford adauza anzake. "Kaitaneni galimoto."

Palibe amene adamuona Mikaili. Akadatha kutaya bokosi lija mu ngalande, n'kupita kukakhala phee kwa azakhali ake. Maganizo amenewo adamufikira ndithu, ndipo adaima nawo kanthawi. Kenako adadzuka n'kuthamanga, kudutsa kuseri kwa nyumba za ku Area 3, kulowa mumsika, kugunda madengu a anthu. Mayi wina wogulitsa tomato adamutukwana mpaka makolo ake, iye osamva.

Adapeza bambo ake ataweramira wailesi, utsi wa chowotcherera mawaya ukukwera pang'onopang'ono.

"Ababa, thawani."

Che Sumaila adadzutsa mutu. Adaona bokosi lili m'manja mwa mwana wawo.

"Waiulutsa."

"Yagwera pa bwalo la gule. A Reinford aitola. Akubwera kuno."

"Ndege yoseweretsa si mlandu. Tikawafotokozera. Khala pansi, upume."

"Si ndegeyo, ababa. Ndi nsalu."

"Nsalu yanji? Che Bwanali sanandipatsebe."

"Ya amayi. Ya nkhope ija. Ndinaidula pakati, ndiye yagwera m'matope."

Che Sumaila adaika chowotcherera chija pa kachitsulo kake mosamala, ngati chingasweke.

"Amako aona?"

"Aona. Akuvinabe."

"Achita bwino."

"Tiyeni tithawe, ababa. Tikwere basi ya ku Mangochi, kwa agogo."

"Ndiye amako ndi alongo ako tiwasiyire ndani? Akandisowa ine atenga iwo." Adatambasula dzanja. "Bweretsa bokosilo. Ndionetse manja."

Zala za Mikaili zinali zofiirira ndi vanishi wouma. Bambo ake adatenga botolo la parafini n'kumuponyera kansanza.

"Pukuta. Vanishi wotsala ali kuti?"

Mikaili adaloza pansi pa benchi. Che Sumaila adatsegula kachitini, adaviika zala, n'kudzipaka m'manja ndi m'zikhadabo. Pang'ono adapukutira pa malaya. Apa m'pamene Mikaili adazindikira.

"Ayi, ababa. Ndadula ndine. Ndikanena ndekha."

"Ukanena chiyani? Kumene amapita anthuko ukukudziwa? Uli ndi zaka zingati iwe? Tuluka, upite kuseri."

"Sindipita."

"Lero lokha, Mikaili, ndimvere."

Galimoto idaima panja. Anthu a m'mashopu oyandikana, amene ankamwa tiyi ndi Che Sumaila m'mawa uliwonse, adapeza zochita mwadzidzidzi. Wina adayamba kusesa posesedwa kale. Telala Bwanali adaweramira makina ake, kupalasa popanda nsalu.

Reinford adalowa ndi anzake awiri, n'kuika ndege ija pa benchi, phiko lamatope lili pamwamba.

"Che Sumaila, mwakwera udindo. Mawailesi akuchepera, mwayamba ndege. Mawa mutipangira chiyani?"

"Ndi choseweretsa ana, achimwene."

"Ine si mchimwene wanu. Ichi n'choseweretsa ana?" Adaloza theka la nkhope lija. "Anagwira sizasi ndani?"

"Ndine," adatero Mikaili. Mawu adatuluka ang'onoang'ono, ndiye adabwereza. "Ndine. Ndinaba nsalu ya amayi anga musutikesi. Ababa samadziwa, anandiletsa. Ndaiulutsanso ndine."

Reinford adamuyang'ana, kenako adayang'ana bambo ake. Che Sumaila adaseka, kuseka kwa munthu wotopa ndi mwana wopusa.

"Mwamumva? Kusukulu masamu akumukanika, ndiye apange ndege? Uyu ntchito yake ndi kundigwirira nyundo. Akufuna atchuke." Adatambasula manja. "Onani. Ndimayesa ndi chisanza chakutha, maso angawa ndi a ukalamba. Ndinazindikira nditadula kale."

"Akunama," adatero Mikaili, misozi ikutsika. Adaonetsa manja ake, koma anali oyera, akununkha parafini. "Funsani Paxton, anali nane. Ndikuonetseni mmene ndinasemera nthiti zake, ndikuonetseni pamene..."

Khofi lidamugwera patsaya. Chibadwire bambo ake anali asanamumenyepo.

"Akulu akamayankhula umakhala chete," adatero Che Sumaila.

Reinford mwina adadziwa zoona, mwina ayi. Kwa iye zinali chimodzimodzi. Kubwera ndi mwana wa sukulu sikukadamupatsa dzina, koma munthu wamkulu wodziwa mawaya, wokhala ndi bokosi lotumiza mphamvu m'mwamba, ameneyo anali nyama yonona. Adanyamula ndege ndi bokosi lomwe.

"Tiyeni, mukafotokoze kutsogolo."

Che Sumaila adazimitsa chowotcherera, adavala kofia yawo. Pakhomo adaima.

"Wailesi ya a Nebert yatsala waya mmodzi, wofiirayo. Uumatike bwino, usawapatse usanaiyese. Mawa upite kusukulu."

Adakwera kumbuyo kwa galimoto. Mikaili adaithamangira mpaka pa mlatho, akufuula kuti ndine, ndine, koma mumsewu wonsewo palibe amene adafuna kumva.

A Nebert adabwera m'mawa mwake kudzatenga wailesi yawo yosakonzedwa, osapereka ngakhale moni. Ena adatuma ana. Paxton adasamukira pa desiki lina. Mayi Kulusumu adayenda m'maofesi kufunsa kumene amuna awo ali, ndipo paliponse ankawauza kuti abwere sabata yamawa. Mayiwo sadamukalipire Mikaili ngakhale tsiku limodzi. Ankangomuikira chakudya, n'kumanga nsalu yawo yatsopano, kupita ku bwalo lomwe lija kukavina, chifukwa mkazi wa munthu wotengedwa akajomba gule amakhala waonjeza mlandu. Mikaili ankawaona akubwera madzulo, fumbi lili m'miyendo, mawu atasasa ndi nyimbo zoyamika.

Shopu sadaitseke. Akaweruka ankakhala pa benchi ya bambo ake, kuphunzira pa mawailesi akufa amene eni ake adawataya. Adadziwotcha zala kosawerengeka. Patapita nthawi anthu adayamba kubwera, poyamba a kumidzi amene sankadziwa nkhaniyo, kenako a m'tauni, pakuti mantha a munthu amatha wailesi yake ikafa.

Chimanga chidakololedwa kawiri. Masana ena Mikaili ali pa ntchito, pakhomo padaima munthu woonda, wa imvi, atavala malaya omukulira. Mikaili adati afunse chimene akufuna, kenako adazindikira kuti ndi bambo ake.

Che Sumaila adalowa, adakhala pa mpando wa makasitomala. Adayang'ana mashelefu, adayang'ana wailesi imene inali pa benchi. Adatambasula dzanja kuti agwire chowotcherera, koma zala zinkagwedezeka ngati masamba, ziwiri zitapindika. Adalibweza dzanjalo n'kulibisa pakati pa mawondo.

"Pitiriza," adatero. "Chizizira."

Mikaili adagwada pansi. Mawu amene adawakonza nthawi yonseyi adabalalika.

"Ababa, ine... zonsezi ndi ine. Mukadandisiya ndipite."

"Dzuka, pansipo pali mawaya."

Sadadzuke. Bambo ake adamuyang'ana nthawi yaitali, kenako adasuzumira pakhomo kuona ngati pali wina akumvetsera. Adaweramira pafupi n'kutsitsa mawu.

"Kumene ndinaliko ndinkaganiza chinthu chimodzi, ndipo panalibe womufunsa. Chiwale chija sichinalemere? Inauluka?"

"Inauluka, ababa."

"Kufika pati?"

"Kupitirira mitengo ya bulugamu."

Che Sumaila adatsinzina, n'kugwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Ndikadakonda kuiona," adatero.